Moto Wosapalika wa aNandowe

Mukatsika minibasi pa Nsaru n'kulowera kanjira kodutsa kuseri kwa zigafa za fodya, musataye malovu kufunsa za a Elube Mbewe. Dzina limenelo linatsalira pa chiphaso cha unzika basi. Funsani za aNandowe, ngakhale mbuzi ikulozerani.

Dzinali sanabadwe nalo. Anachita kupatsidwa, ndipo wopereka wake ali moyo, amakhala m'nyumba ya malata yoyang'anana ndi yawo. Ndi a Febe, alamu awo, alongo awo a malemu a Nasoni amene anali amuna a a Elube.

A Elube anabwera m'mudzimu pa chitengwa kuchokera cha ku Kasiya, ali mtsikana wowonda, wosalankhulalankhula. A Nasoni anali munthu wabwino mtima koma wa manja lende. Pomwalira anasiyira mkazi wawo mwana mmodzi, Tionge, kadimba konga mphasa, ndi njinga yopanda tcheni. Za feteleza kunali kungozimva pa wailesi. Ndiye mayi wamasiyeyu anayamba kulawirira ndi ndowa pamutu, kutsata njira imene ng'ombe za a Henderson, amuna a a Febe, zimadutsa popita kudambo, n'kumatola zomwe ng'ombezo zasiya. Mpiru wa m'kadimba kaja unkakula masamba ngati makutu a njovu, ndipo oseka aja ndi omwe ankagula.

Tsono chaka china kunagwa mvumbi wosaona dzuwa. Tionge anali gone ndi malungo, nkhuni zonse zitanyowa, machesi atatha. A Elube, atangotula ndowa yawo, anatenga phale n'kudutsa pabwalo kukapala moto kwa alamu awo kuti amuphikire mwana phala. Mukudziwa inu kuti kupala moto si kupempha. Mchere amamana, ufa amamana, koma moto ayi. Ngakhale munthu amene mudzi wonse umamunong'ona kuti amauluka, akabwera ndi phale mumangomusunthira mpando.

Mwatsoka, tsikulo pakhonde pa a Febe panali amayi a Chigwirizano, mabulauzi oyera mbee, makapu a tiyi m'manja. A Febe anayang'ana phale, anayang'ana manja, kenaka anayang'ana alendo awo kuti aone ngati onse akumvetsera.

"Alamu, moto wa pano sapala ndi manja a ndowe. Kasambeni kaye, aNandowe."

Amayi aja anaseka kuseka kwa Chikhristu, kotseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. A Elube sanakasambe. Anatembenuka ndi phale lawo lozizira n'kukapala moto kumapeto kwa mudzi, mvula ili pamsana. Tionge anachira, anakula, pano amagulitsa kaunjika pa Njewa ndipo nkhaniyi saikumbuka n'komwe. Koma amayi ake anatenga phale lija n'kulisomeka kudenga, pamwamba pa chitseko cha khitchini, pamalo poti aziliona m'mawa uliwonse. Akuluakulu anati mlandu suwola. Phale nalonso siliwola.

Poyembekezera tsiku lalikulu, a Elube ankabwezera pang'onopang'ono, ngati munthu wodya mtedza wa mbewu. Anapeza kagalu n'kukatcha Kasambeni. Dzuwa likapendeka ankaima pakhomo, nkhope italoza nyumba ya malata, n'kumaitana mokoka bwino: "Kasambeniii, Kasambeni iwe." A Febe nawo si munthu wogona. Anapeza wawo galu n'kumutcha Sikwanu. Madzulo aliwonse mudzi unkamva ulaliki wa mbali ziwiri, agalu ali ndwii pakati pa bwalo, osadziwa kuti alakwanji. Galu akafa, wolowa m'malo ankalowanso dzina. Kutchalitchi alamu awiriwa ankakhala benchi imodzi, kuyimba nyimbo imodzi, aliyense akukweza mawu pa mzere umene akuona kuti ukunena mnzake.

M'zaka zimenezo mitengo inatha. Ina inapita ku zigafa, ina kootchera njerwa, yotsala inakwera njinga kupita ku Lilongwe ili m'matumba a makala. Amayi anayamba kuphikira mapesi ndi zitsononkho, ndipo nthawi ya dzinja munthu ankatuluka m'khitchini maso ali psuu ngati wachokera kumaliro.

Ndi pamene kunabwera a Eric, alangizi a bungwe lina loona za moto wophikira, pa njinga yamoto yolira ngati chigayo. Anasonkhanitsa anthu pabwalo la tchalitchi n'kufotokoza kuti kumaiko ena, monga ku India ndi ku Kenya, alimi amaphikira mpweya wochokera ku ndowe. Ndowezo amazisakaniza ndi madzi, n'kuzithira m'chithumba chachikulu chotseka. Zikamaola m'menemo zimatulutsa mpweya woyaka, umene umayenda m'paipi mpaka pa mbaula. Dzina lake anati ndi bayogasi.

Bambo wina wachikulire anakweza dzanja. "Pepani alangizi, tifunse nawo. Mpweya wakewo ndi womwe uja ng'ombe imatulutsa kumbuyo?"

A Eric anakanda m'mutu. "Tinene kuti ndi pachibale."

Basi, dzina la bayogasi linafera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo unali moto wa chiphwisi.

Bungwelo linkafuna khomo limodzi loti liyambe, ena aonerepo. Maso onse anapita kwa a Henderson, eni khola. Koma a Henderson ndi mkamwini amene wamera imvi m'mudzimu akufunsabe kwa akazi awo ngati ali ndi njala kapena ayi. Anayang'ana a Febe. A Febe anakonza duku.

"Ine tiyi wa abusa ndiziphikira chiphwisi? Zinthu zili ndi akatswiri ake. ANandowe, si inu mwakhala apo?"

Anthu anaseka. A Elube anadzuka pang'onopang'ono, akusasa chitenje.

"Ndalandira, alamu. Koma ndowe zake zizichokera m'khola mwanu. Munene pano, anthu akumva."

"Tengani. Ndi fungo lomwe musasiyeko."

Anakumba dzenje lalitali kuseri kwa khitchini ya a Elube, n'kugonekamo chithumba chakuda, n'kuchitchingira ndi mpanda wa nsungwi poopa mbuzi. Anthu atachiona chili thasa m'dzenjemo anachitcha mvuu. M'mawa uliwonse a Elube ankalowa m'khola la a Henderson, kudzaza ndowa, kuthiramo madzi, kuvundula ndi manja mpaka zikhale ngati phala la mwana, kuchotsa udzu ndi timiyala, n'kuthira kukamwa kwa mvuu. Masabata anadutsa, paipi ili zii. A Febe, amene kale sankapereka moni, anayamba kupereka moni tsiku ndi tsiku.

"Mwadzuka bwanji alamu? Nanga mvuu yadzuka bwanji, yayamba kulavula moto?"

"Ikadali kusinkhasinkha, alamu. Si onse amalankhula asanaganize."

Tsiku lina mvuu inatupa. A Eric anatsegula kampopi ka pa mbaula, kukhwatcha machesi, ndipo panatuluka moto wobiriwira ngati thambo, wopanda utsi, wopanda phulusa, wongoti fuuu ngati munthu akuuzira tiyi. Amayi a m'mudzi anadzaza m'khitchini. A Tisiyenji, amene nkhani ikawapeza m'mawa imafika pa Nsaru dzuwa lisanatenthe, anapempha kuti awaphikire tiyi, anamununkhiza mbali zonse, anamwa makapu awiri, n'kugamula kuti chiphwisi sichimveka koma shuga ndiye wachepa.

Moyo wa a Elube unasintha. Chifuwa cha utsi chinatha, mapoto anasiya kuda, ndipo madzi otuluka kumchira kwa mvuu atawathira m'dimba, tomato anabereka ngati walodzedwa. Aliyense anabwera kudzaona, kupatula munthu mmodzi. A Febe ankadutsa nkhope itayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. A Elube sanawaitane. A Eric atafunsa ngati akukhutira ndi motowo, anayankha maso ali pa phale la kudenga lija.

"Moto ndi wabwino, alangizi. Koma chomwe ndikuphika sichinapse."

Chinapsa mwezi wa Januwale. Eunice, mwana womaliza wa a Febe, anapeza mwamuna, mphunzitsi wa ku Kabudula, ndipo akwawo kwa mnyamatayo anatumiza mawu kuti akubwera kudzafunsira mbeta. A Febe anakonzeka ngati kukubwera sinodi. Anasoketsa chitenje chatsopano, anagula mpunga, anasunga nkhuni zouma m'chigafa. Koma mvula ikakuona litsiro sikata. Kunagwa mvumbi womwe uja, denga la chigafa linagonja, nkhuni zonse zinamwa madzi. Alendo anafika atanyowa, anawakhazika pabalaza, nkhuku zinali zitazingidwa kale, koma m'khitchini munali utsi wokhawokha. Makala amene anakapala kwa anansi ankangofika n'kufera pa nkhuni zonyowazo. A Febe anauzira mpaka kuona nyenyezi masana.

Ndiye anakumbukira zomwe amayi ankanena pa mjigo, zoti moto wa kwa aNandowe suopa mvula. Anatuma a Henderson.

A Elube anawaona akubwera atafunda thumba la feteleza kumutu. Anawalandira mwaulemu wonse.

"Kodi mpaka liti mukhala mukutumidwa, bambo? Kupala moto si ntchito ya akamwini, mudzi ungatiseke. Abwere eni khitchini."

A Henderson anabwerera momwe anabwerera, ndipo ena amati ankamwetulira m'kati mwa thumbalo.

Patapita kanthawi, chitseko cha nyumba ya malata chinatseguka. A Elube analowa msanga m'khitchini. Anakhala pa mpando, anapinda manja, anakonza nkhope kuti ioneke ya munthu amene sakuyembekezera aliyense.

"Odi, alamu."

"Odini. Kodi ndi alamu? Mwasochera?"

"Ndadzapala moto." Mawuwo anatuluka ngati akuzula dzino.

"Moto samana. Phale mwatenga?"

A Febe anali ataiwala, chifukwa cha liwiro ndi manyazi. A Elube anaimirira, anatambasula dzanja kudenga, n'kusolola phale lija, lakuda ndi mwaye wa zaka zonsezo. Analipukuta bwinobwino ndi chitenje.

"Nali. Ndinakusungirani."

Anatsegula kampopi, anayatsa, n'kusunthira pambali. "Palani."

A Febe anali asanauonepo motowo. Anawerama kufuna makala, makala palibe. Anasuzumira pansi pa mbaula, nkhuni palibe. Analowetsa phale m'malawi n'kukokolola monga tichitira, moto unangolizungulira phalelo n'kubwerera pamalo pake. Anayesanso chammbali. Anayesa mofulumira, ngati akugwira chiwala. Phale linatentha, koma linatuluka lopanda kanthu. Anasolola udzu kudenga, anauyatsa, anathamanga nawo, mvula inauzimitsa asanatsike n'komwe pakhonde.

"Palani ndithu, alamu, musachite manyazi. Ulipo wambiri."

A Febe anaima, madzi akutsika m'duku. Kutsidya kwa bwalo a Henderson anali atayamba kufotokozera alendo mbiri ya ng'ombe iliyonse payokhapayokha, pofuna kutalikitsa nthawi.

"Ndiye ndingophikira pompano, alamu."

"Phikani, khitchini ndi ya achimwene anu iyi." A Elube anatseka kampopi, moto unati zii. "Koma mvuu sinadye lero. Ndi nyengo imeneyi msana wanga wakana. Ikapanda kudya, moto uthera pakati nkhuku isanafewe."

Apa tisanamizane. Mvuu inali itatupa ngati ng'oma yowamba kumene, mpweya wake ukanaphikira ukwati wonse. Komanso ndowe za lero siziyaka lero, zimayamba zagona m'mimba mwa mvuu masabata angapo. A Eric anaphunzitsa zimenezi poyera. Koma tsiku la phunzirolo a Febe anali atanena kuti alibe nthawi yomvera za chiphwisi.

A Elube analoza ndowa ndi mlomo.

Amene anaona amati a Febe anayang'ana ndowayo nthawi yaitali. Kenaka anakwinya chitenje chatsopano chija mpaka m'mawondo, anavula nsapato, n'kudutsa pabwalo, pansi penipeni pa windo la pabalaza, kulowa m'khola lawo lomwe, m'mene anali asanapondemo chikwatiwire. Matope anawalandira mpaka m'akakolo. A Elube anaima pakhonde pouma n'kumalangiza modekha.

"Osati zosakanikira matopezo, alamu, mvuu imadwala nazo m'mimba. Sankhani zatsopano, zofunda. Pafupi ndi ng'ombe yakudayo. Eya, pamenepo."

Ndowa itafika, a Febe anatola ndodo kuti avundulire.

"Ndodo siimva miyala, alamu. Pamafunika zala."

Analowetsa manja, mpaka m'zigongono. Anavundula, anachotsa udzu, anathira kukamwa kwa mvuu, milomo ikuyenda koma mawu osamveka. Kaya linali pemphero, kaya chiyani, sitingawaikire umboni. Atamaliza anathamangira m'khitchini n'kutambasula dzanja kuti agwire ketulo.

A Elube anali atakonzeka kale, beseni la madzi ofunda kudzanja lina, sopo kudzanja lina. Mawu amenewa anawayeserera zaka zambiri, polima, potunga madzi, ngakhale pakati pa ulaliki. Ankaganiza kuti adzawafuula mudzi wonse umve. Koma nthawi itakwana anawatulutsa motsitsa, mokoma, ngati akupereka moni kwa wodwala.

"Alamu, moto wa pano sagwira ndi manja a ndowe. Kasambeni kaye."

Galu amene anagona kuseri kwa chitseko atamva dzina lake anadzambatuka, mchira uli pikupiku, n'kudumphira a Febe ndi mapazi amatope pachifuwa penipeni pa bulauzi.

Alipo anthu amene amati kubwezera sikukoma, kuti munthu ukabwezera umangomva mphwayi. A Elube amati anthu amenewo sanabwezerepo bwino. Iwo anamva kukoma kuyambira kumutu mpaka ku zala za kumapazi, ngati thobwa lozizira pochokera kumunda.

A Febe anasamba. Ndipo poti mlandu unali wa make osati wa Eunice, a Elube anayatsa mbaula, anakwinya mikono, n'kuyamba kuphika nkhuku okha. Alamu awiriwo anaphika limodzi, wina mpunga wina ndiwo, osayang'anana, akupatsirana mchere ngati akupatsirana njoka. Tiyi anafika pabalaza a Henderson ali pa ng'ombe yomaliza.

Nkhani ikanathera pamenepo, koma Mulungu anaika a Tisiyenji padziko ndi cholinga. Mmodzi wa alendo aja, azakhali ake a mnyamata, anali ataona zonse za m'khola pawindo. Potuluka kukasamba m'manja anakumana ndi a Tisiyenji, amene anabwera kudzathandiza kutsuka mbale zomwe zinali zisanade.

"Kodi mayi olimbikira ntchito aja, olowa m'khola mvula ili pamsana, ndi ndani?"

"Amenewo? Ndi apongozi a mnyamata wanu amenewo, make mbeta." A Tisiyenji anameza malovu. "Kuno timawatcha aNandowe."

Azakhaliwo anaganiza kuti ndi dzina la mfunda limene sanalimvepo. Anaonetsedwanso moto wobiriwira uja, anagwira pakamwa. Potsanzikana, mbeta itavomerezedwa, anagwada pamaso pa a Febe, anthu onse ali pomwepo.

"Zikomo kwambiri, aNandowe. Mwana wochokera pakhomo la mayi wosanyansidwa ndi ntchito ngati inu, ife talandira ndi manja awiri. Mudzabwere ku Kabudula mudzatiphunzitse kadyetsedwe ka mvuu."

A Febe anayang'ana alendo, anayang'ana Eunice amene nkhope inali kuwala, anayang'ana a Elube amene anali ataima kumbuyo akupukuta poto wouma kale. Akanakana dzinalo, akanafotokoza kuti linachokera kuti?

"Zikomo," anatero. "Muyende bwino."

M'mawa mwake pa khola panapezeka loko watsopano. A Elube sanadandaule, anangotenga ndowa yawo n'kubwerera ku njira ya kudambo, ntchito yawo yakale. Ng'ombe sizidziwa loko. Koma mvumbi unapitirira, ndipo munthu amene waphikapo kamodzi popanda kulira ndi utsi savutika kukumbuka. Sabata isanathe, a Elube anamva odi pakhomo. A Febe anaima pamenepo, ndowa yodzaza pamutu, poto wa nyemba m'manja.

"Ndaganiza bwino, alamu. Ng'ombe ndi zanga. Ndiye kuti moto umenewu ndi wanga."

"Mvuu ndi yanga."

"Mvuu yopanda ng'ombe ndi thumba chabe."

"Ng'ombe zopanda mvuu ndi fungo chabe. Munandipatsa nalo lomwe, anthu akumva."

Mlandu umenewu sunagamulidwe mpaka lero. A Eric anayesa kulowererapo, anatuluka atauzidwa kuti za pachibale sazidziwa. M'mudzimu mwabwera mvuu zina ziwiri, ndipo bungwe linafunsa a Febe ngati akufuna yawoyawo. Anakana, akuti sangasiye moto wawo m'manja mwa munthu wobwera. A Elube nawo, amene akanatha kutseka chitseko, satseka. Amati munthu ukagwira mbewa yonona suiponya kutchire.

Ndiye mukafika n'kufunsa za aNandowe, mbuzi ikulozerani ndithu, koma anthu akufunsani kuti ati, a mvuu kapena a ng'ombe. Onse awiri muwapeza khitchini imodzi, atafulatirana. Pakhomo pali beseni, ndipo pambali pake pali phale lakale lakuda, muli kachidutswa ka sopo. M'mawa uliwonse a Febe akamaliza kudyetsa mvuu amapita okha pa besenipo, mwachangu, kuti asauzidwe. Koma a Elube amakhala atawaona kale. Amasuzumira pakhomo, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wosowa chiweto chake, kenaka n'kuitana galu.